Chinyanja cha m'Buku, Chinyanja cha m'Komboni ndi Kasankhidwe ka Ana a Maphunziro Apadera mu Lusaka

1. Mawu oyamba

Funso lakuti ndi ana ati amene amatumizidwa kumakalasi a maphunziro apadera, ndiponso kuti amasankhidwa motani, lakhala likuvutitsa akatswiri a zamaphunziro kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Ku America ndi ku Britain funsoli linafika ngati nkhani ya mtundu: ana a anthu akuda ndi a anthu obwera ankachuluka m'makalasi a ana otchedwa ochepa nzeru kuposa mmene chiwerengero chawo chinalili m'sukulu zonse. M'makomboni a Lusaka monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George ana a kalasi imodzi sasiyana khungu, choncho munthu akhoza kuganiza kuti nkhaniyi siitikhudza. M'nkhani ino tifuna kusonyeza kuti njira imene inkasankha ana molakwika kumayiko aja ilipo ndithu kwathu kuno, koma imadzera m'chilankhulo. Mwana wa m'komboni amapimidwa nzeru m'Chingerezi kapena m'Chinyanja cha m'buku, chonsecho iye amaganiza, kusewera ndi kukangana ndi anzake m'Chinyanja cha m'tauni. Zitsanzo zathu tazilemba ndi ch pamene kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro unavomereza mu 1977 kamalemba c.

2. Zimene zinaoneka kumayiko ena

Mu 1968 Lloyd Dunn analemba nkhani yofunsa ngati panali chifukwa chokwanira chopatulira ana ambiri otchedwa ochepa nzeru pang'ono. Iye anaona kuti ambiri mwa anawo anali ochokera m'mabanja osauka ndi m'mitundu ya anthu ochepa, ndiponso kuti kuwapatulako sikunkawathandiza kuphunzira bwino kuposa anzawo otsala m'makalasi wamba. Pasanapite nthawi nkhaniyi inafika kubwalo la milandu. Mlandu wa Diana wa mu 1970 ku California unali wokhudza ana asanu ndi anayi a makolo ochokera ku Mexico amene anapimidwa m'Chingerezi n'kuikidwa m'kalasi ya ochepa nzeru. Atawapimanso m'Chisipanishi, ambiri anapezeka kuti sanayenere kukhalamo. Pa mlandu wa Larry P., umene woweruza Robert Peckham anagamula mu 1979, kunaoneka kuti ana akuda anali pafupifupi 10 pa ana 100 alionse m'sukulu za California, koma m'makalasi ajawo anali pafupifupi 25 pa 100. Ku London, mphunzitsi wa ku Grenada, Bernard Coard, anasindikiza kabuku mu 1971 kolongosola mmene ana ochokera kuzilumba za Caribbean ankaikidwira m'sukulu za ana osatha kuphunzira, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene anatchula chinali chakuti aphunzitsi ankamva Chingerezi cha anawo ngati Chingerezi cholakwika. Mu 2007 bwalo la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula mlandu wa ana a Chiroma a mumzinda wa Ostrava ku Czech Republic, kumene mwayi woti mwana wa mtunduwu atumizidwe kusukulu yapadera unali woposa wa anzake maulendo 27.

Pali mfundo imodzi imene tiyenera kuigwira m'zonsezi. Kuchulukaku sikunkaoneka kwenikweni pakati pa ana akhungu kapena osamva, chifukwa diso ndi khutu zimapimidwa ndi zipangizo zosasamala kuti mwana amalankhula chiyani. Kunkaoneka m'magulu amene amadalira maganizo a munthu wopima: kuchepa nzeru pang'ono, kuvutika kuwerenga, ndi khalidwe lovuta. Pamene pamafunika kuti wamkulu afunse mwana ndi kuweruza yankho lake, m'pamene mtundu ndi chilankhulo zimalowerera.

Ku South Africa zinthu zinali mwina. Chikalata cha boma cha White Paper 6 cha mu 2001 chinavomereza kuti m'nthawi ya tsankho sukulu zapadera zinkagawidwa potsata mtundu, ndipo zokhala ndi zipangizo zabwino zinali za azungu, pamene ana akuda ambiri olumala sanali pasukulu n'komwe. Kumeneko vuto la mwana wakuda silinali kulowetsedwa mopitirira muyeso koma kutsekeredwa kunja. Monga tione, Lusaka ili ndi mavuto awiriwa pamodzi.

3. Maphunziro apadera ndi makomboni

Maphunziro apadera m'Zambia anayambira kuchigawo cha Kum'mawa. Mu 1905 amishoni a Dutch Reformed Church anayamba kuphunzitsa akhungu pa Magwero, pafupi ndi Chipata, ndipo patapita zaka anatsegulanso pomwepo sukulu ya osamva. Ntchitoyi inakhala m'manja mwa mipingo ndi mabungwe mpaka 1971, pamene boma linaitenga ndi kutsegula koleji yophunzitsa aphunzitsi a ana olumala mu Lusaka, imene lero ndi Zambia Institute of Special Education. Ndondomeko ya Educating Our Future ya mu 1996, imene inatuluka patangopita zaka ziwiri chichitikire msonkhano wa ku Salamanca, inati ana osowa thandizo lapadera aziphunzira limodzi ndi anzawo pamene kuli kotheka. Malamulo a Education Act a mu 2011 ndi Persons with Disabilities Act a mu 2012 anatsindika ufulu womwewo.

Makomboni amene tikukamba sanabadwe mofanana. Matero anamangidwa ndi khonsolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti mukhale antchito achikuda. Kalingalinga, George, Chawama ndi mbali yaikulu ya Kanyama anakula popanda chilolezo pamalo a mafamu, ndipo Mtendere unakonzedwa mu 1967 kuti ulandire anthu ochoka ku Kalingalinga. Lamulo la mu 1974 ndi ntchito yokonza makomboni imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inathandiza m'zaka zotsatira ndi zimene zinapatsa George ndi Chawama misewu, mipopi ndi sukulu zina. Koma sukulu sizinakwanepo ana. M'zaka za m'ma 1990 makolo ndi mipingo anayamba sukulu za m'dera zokhala ndi aphunzitsi ongodzipereka. Maphunziro aulere a pulayimale mu 2002 ndi a mpaka Giredi 12 mu 2022 anadzaza makalasi kotero kuti ana 80 kapena kuposerapo kwa mphunzitsi mmodzi si zachilendo, ndipo sukulu zambiri zimalandira ana mosinthana, ena m'mawa ena masana.

M'malo otere malo a m'kalasi yapadera ndi ochepa, ndipo ana ambiri olumala sawapeza. Choncho kusankha kumene tikunena sikuyambira pa pepala la katswiri. Kumayambira pakamwa pa mphunzitsi amene, pakutha pa temu yoyamba, wadziwa kale ana amene amawatcha ma slow learner, n'kuwakhazika pabenchi yawo. Kuchokera pabenchi imeneyo ena amabwereza giredi, ena amaleka sukulu, ndipo owerengeka amalembedwa kuti akapimidwe. Ziwerengero za pachaka za Unduna zimagawa ana osowa thandizo lapadera potsata chigawo, giredi, mtundu wa ulumali ndiponso ngati ndi anyamata kapena atsikana. Chilankhulo cha kunyumba kwa mwana sichikhala pamndandandawo. Ku California anatha kuona vuto chifukwa ankawerenga ana potsata mtundu. Ife sitiwerenga chinthu chimene chimasiyanitsa ana athu.

4. Zilankhulo zitatu pa mwana mmodzi

Lamulo la maphunziro la mu 1966 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Zotsatira zake zinaoneka m'kafukufuku wa SACMEQ wa mu 1995, amene anapeza kuti mwana mmodzi yekha mwa anayi a Giredi 6 ndiye ankawerenga pamlingo wotsikitsitsa wovomerezeka, ndipo ofika pamlingo wofunikira sanapitirire 3 pa 100. Eddie Williams (1996) anayerekeza ana a chaka chachisanu m'Malawi, kumene ankayamba ndi Chichewa, ndi a m'Zambia: pa Chingerezi sanasiyane kwenikweni, koma powerenga chilankhulo chawo Amalawi anali patsogolo kwambiri. Kuyambira 1999 Primary Reading Programme inabweretsa kuphunzira kuwerenga m'chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo, ndipo kuyambira 2014 zilankhulozi zinakhala zophunzitsira kuchokera Giredi 1 mpaka 4. Ndondomeko ya mu 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, inabwezera Chingerezi pamalo a chilankhulo chophunzitsira kuyambira pachiyambi.

M'kusinthasintha konseku chinthu chimodzi sichinasinthe: palibe nthawi imene chilankhulo cha m'buku chinali chimene mwana wa ku Chawama amalankhula. Lusaka inapatsidwa Chinyanja, ndipo kalembera wa mu 2010 anasonyeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 m'chigawochi amati Chinyanja ndicho amalankhula kwambiri. Koma dzina limodzi likubisa zinthu ziwiri. Chinyanja cha m'buku chinamangidwa pa Chichewa cha Kum'mawa. Cha m'tauni chatenga zambiri ku Chinsenga, Chibemba, Chingerezi ndi zilankhulo zina. Kusiyanaku Robert Serpell anakufufuza kale m'buku la Language in Zambia limene Ohannessian ndi Kashoki anakonza mu 1978, ndipo David Mwanza (2012) anakupezanso m'makalasi a Giredi 1 a mu Lusaka. Tambulukani ndi Bus (2012) anasonyeza kuti ana amene ankadziwa bwino mawu a chilankhulo chophunzitsira ndi amene ankapita patsogolo msanga pakuwerenga. Tione zitsanzo, (a) ndi cha m'buku, (b) ndi cha m'tauni.

(1) a. Ana akufuna madzi.
b. Bana bafuna manzi.

(2) a. Zinthu zanga zasowa.
b. Vintu vanga vasoba.

(3) a. Ndinali kusukulu dzulo, ndidzapitanso mawa.
b. Nenze kusukulu mailo. Nizayenda futi mailo.

Munthu wamkulu wodziwa mitundu yonse iwiri akhoza kuti kusiyanaku n'kochepa. Kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene akuphunzira kugwirizanitsa liwu ndi lembo, sikochepa. M'chitsanzo (1) ndi (2) mphatikiram'mbuyo wa dzina wasintha, a- wakhala ba- ndipo zi- wakhala vi-, ndiye agwirizanitsi onse m'chiganizo asintha naye. Mpweya umene timaulemba ndi h mu zinthu, munthu ndi nkhuku sumveka mu vintu, muntu ndi nkuku. Maliwu a dz ndi ts amafewa kukhala z ndi s: dzina ndi zina, tsitsi ndi sisi. Mwana akalemba zina langa walemba molondola chimene khutu lake lamva. Koma pa pepala zimaoneka ngati wasiya lembo, ndipo kusiya malembo ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene aphunzitsi amaphunzitsidwa kuyang'ana pofuna kudziwa mwana wovutika kuwerenga.

Tiyerekeze mayeso odziwika bwino aja oti mwana aone chithunzi, atchule dzina lake, kenaka anene liwu loyamba. Pa chithunzi cha galu yankho loyembekezeka ndi g. Mwana wa ku George aona imbwa ndipo ati i. Pa dzuwa aona zuba, pa diso aona linso, pa galimoto aona motoka. Mayankho anayi onse ndi olondola potsata luso limene mayesowo akufuna kupima, ndilo kumva liwu loyamba la mawu, ndipo onse anayi alembedwa kuti walakwa. Pamenepa chimene chapimidwa si khutu la mwana koma dera limene anakulira. Mnzake amene wangofika kumene kuchokera ku Katete, kapena amene amalera ndi agogo olankhula Chichewa, akhoza zonse.

Chitsanzo (3) ndicho chovuta koposa. Mafunso ambiri opima kukula kwa nzeru amafuna kudziwa ngati mwana amasiyanitsa dzulo ndi mawa. M'Chinyanja cha m'tauni, monganso m'Chibemba, mailo amatanthauza tsiku loyandikana ndi lero, kaya lapita kaya likubwera, ndipo chimene chimalekanitsa ndi nthawi ya mneni: nenze kapena niza-. Mwana amene wayankha mailo pa mafunso onse awiri sanasokonezeke. Wopima ndiye amene sanamvetsere mneni. Chimodzimodzinso kuyenda, kumene m'tauni kumatanthauza kupita, osati kuponda pansi ndi miyendo kokha. Manambala, masiku a sabata ndi mitundu ya zinthu ana a m'komboni amazidziwa m'Chingerezi. Kumufunsa mwana kuti awerenge mpaka khumi, kapena kuti aloze chobiriwira, n'kumupatsa mawu amene mwina sanawamvepo, pamene akanatha kuwerengera chenji cha tomato pamsika wa Soweto osalakwitsa ngwee.

Tinene pano kuti mawu oti Chinyanja chozama, amene aphunzitsi ndi ana omwe amatchulira Chinyanja cha m'buku, ali ndi chiweruzo m'kati mwake. Ngati china ndi chozama, chinacho n'chosaya, ndipo kuchoka pa chilankhulo chosaya kufika pa mwana wa nzeru zosaya ndi phazi limodzi. Ife a m'madipatimenti a zilankhulo, amene timaphunzitsa aphunzitsi kuti vintu n'kulakwa, tiyenera kudziwa kumene chiphunzitsocho chimakathera.

5. Mayeso opanda mawu

Ena amati vutoli likhoza kupewedwa pogwiritsa ntchito mayeso osafuna kulankhula, monga kujambula kapena kusanja timatabwa. Kafukufuku wa Serpell wa mu 1979 anayankha kale maganizo amenewa. Iye anauza ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester kuti atengere maonekedwe a zinthu zofanana pogwiritsa ntchito waya, pensulo ndi dongo. Pa waya ana a ku Lusaka, ozolowera kupanga magalimoto a waya, anapambana. Pa pensulo ndi pepala anapambana a ku England. Pa dongo magulu awiriwa sanasiyane. Luso linali limodzi, chosintha chinali chipangizo. Pa maziko amenewa panapangidwa mayeso a Panga Munthu, oti mwana aumbe munthu ndi dongo, amene Kathuria ndi Serpell anafalitsa miyeso yake mu 1998. M'buku lake la mu 1993, The Significance of Schooling, Serpell anasonyezanso kuti akuluakulu a m'midzi ya Achewa ku Katete akamati mwana ali ndi nzeru satanthauza kuchenjera kokha koma ndi kutumikira, ndiko kukhala mwana woti ukhoza kumutuma ndi kumukhulupirira. Kholo la ku Mtendere likamatsutsa mphunzitsi kuti mwana wanga si wopusa, amatunga madzi, amalera mng'ono wake, amagulitsa pakantemba, likupereka umboni umene wopima sayenera kuutaya. Ku America komweko, cha m'ma 1970, kunatuluka mawu onena za mwana amene amakhala wochepa nzeru maola asanu ndi limodzi okha patsiku, ndiwo maola a kusukulu.

Ndipo ngakhale mayeso opanda mawu ali ndi malangizo, ndipo malangizowo amanenedwa m'chilankhulo.

6. Ubwino wa thandizo

Kusankha molakwika kumapweteka ana a mitundu iwiri. Woyamba ndi amene alibe ulumali koma wapatsidwa dzina. Mayina amene amamveka m'komboni, chipuba, chitsiru, chilema, onse ali m'gulu la chi-, gulu la zinthu osati la anthu, ndipo mwana akalowamo satulukamo msanga. Mphunzitsi amaleka kumufunsa, iye amaleka kuyesa, ndipo pofika Giredi 4 zimene ananena mphunzitsi zija zimaoneka ngati zinali zoona.

Wachiwiri ndi amene ali ndi vuto lenileni. Ameneyu sitimukumbukira kawirikawiri pokamba nkhaniyi. M'kalasi imene theka la ana silitha kuwerenga, mwana amene sawerenga chifukwa khutu lake latuluka mafinya kwa zaka ziwiri saoneka wosiyana ndi anzake. Wa khunyu losagwetsa, limene limangomuyang'anitsa kumwamba kwa kamphindi, amatchedwa wosamvetsera. Wotsala ndi vuto pambuyo pa malungo a muubongo, kapena wopinimbira chifukwa cha kuchepa kwa chakudya, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, amasowa m'chigulu chomwecho. Tikawonjezapo masiku otayika, monga pamene Kanyama yasefukira m'dzinja kapena pamene kolera inachedwetsa kutsegula sukulu mu 2018 ndi mu 2024, zifukwa zolepherera zimachuluka kotero kuti mphunzitsi mmodzi sangazilekanitse. Benchi ya ma slow learner imasonkhanitsa wosamva bwino, wanjala, wojomba, wolankhula Chitonga kunyumba ndi wochepadi nzeru, ndipo onse amalandira mankhwala amodzi: kukopera zapabolodi.

Pamene mwana wafika m'kalasi yapadera, mphunzitsi amene anaphunzira kuthandiza ana a vuto la nzeru amataya nthawi yake yochepayo pa mwana amene ankangofuna womuphunzitsa kuti imbwa m'buku ndi galu. Malo amene wakhalapo ndi amene mwana wina wotsekeredwa m'nyumba akanakhalapo. N'chifukwa chake sitiona kuchuluka mopitirira muyeso ndi kusowa kwa malo ngati nkhani ziwiri zotsutsana. Ku America mkanganowu unabukanso mu 2015 pamene Paul Morgan ndi anzake anafalitsa zoti, tikayerekeza ana ofanana pa umphawi ndi pa makhozedwe, ana akuda ndi amene sapatsidwa thandizo lapadera mokwanira. Akatswiri ena anatsutsa njira zawo zowerengera, koma kwa ife phunziro n'lakuti muyeso wolakwika umalakwitsa mbali zonse ziwiri.

7. Ntchito ya odziwa zilankhulo

Kupima makutu ndi maso kusanachitike kupima nzeru ndi ntchito ya achipatala, ndipo kuchepetsa ana m'kalasi ndi ya boma. Yathu ndi ina. Fomu iliyonse yotumizira mwana kukapimidwa iyenera kufunsa chilankhulo cha kunyumba ndi cha kumasewera padera, pakuti m'komboni ziwirizi zimasiyana kawirikawiri, ndipo yankho lakuti Chinyanja lisalandiridwe popanda kufunsa kuti chiti. Funsoli likalowa m'ziwerengero za Unduna, patapita zaka zochepa tidzatha kuona ngati ana a chilankhulo china achuluka m'magulu odalira maganizo a wopima.

Chofunika kwambiri, ndiponso chovuta, ndi mndandanda wa mawu amene ana a m'makomboni amagwiritsadi ntchito pa msinkhu uliwonse. Buku la Town Nyanja la Gray, Lubasi ndi Bwalya (2013) linalembedwera akuluakulu ofuna kuphunzira chilankhulochi. Silinena kuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amadziwa mawu ati. Mndandanda wotere ukanalola wopima kupereka malikisi pa tanthauzo osati pa mawu: galu, imbwa ndi dog zonse zikhale zokhoza pa chithunzi chimodzi, ndipo pa liwu loyamba ayambe wamva dzina limene mwana wapatsa chithunzicho. Vuto n'lakuti Chinyanja cha m'tauni sichimodzi. Cha ku Matero, kumene mabanja ena akhala mibadwo itatu, sichifanana ndendende ndi cha kumalire a Kanyama kumene anthu akufikabe kuchokera kuzigawo, ndipo mawu a ana amasintha msanga kuposa a makolo awo. Choncho mndandandawo uyenera kutoleredwa komboni ndi komboni, pojambula mawu a ana akusewera osati akuyankha mlendo, ndipo uyenera kukonzedwanso pakapita zaka zingapo. Ophunzira athu a chaka chachinayi, amene ambiri anakulira m'makomboni omwewa ndipo amalankhula mitundu yonse iwiri, ndi amene angatolere mawuwa bwino kuposa ife aphunzitsi awo.